Chiwaya Chimene Ndinatsuka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene nguluwe zinatsika m'phiri n'kuyamba kufukula kachewere wathu. Munda wathu uli kumapeto kwenikweni, kumene mizere imathera pa thengo, ndiye zikatsika zinkayambira kwa ife. M'mawa tinkapeza mizere yagwa ngati mwadutsa khasu la munthu woledzera, kachewere wina wolumidwa theka n'kutayidwa, ndowe zili mbwee. Amayi ankaima pamenepo manja ali m'chiuno.

Pakhomo pathu panali mfuti imodzi, gogodela yakalekale ya agogo, bambo awo a amayi. Inkakhala yotsomeka mu udzu wa kudenga, ndipo kukabwera alendo sitinkaitchula. Gogodela siili ngati mfuti za apolisi. Munthu amathira onga kukamwa kwake, n'kutsindira, kenako n'kulowetsamo chipolopolo cha mtovu. Onga agogo anali nawo m'kabotolo. Zipolopolo ndiye zinali zitatha, ndipo mkangano wonse unayambira pamenepo.

Agogo ankapanga zipolopolo osakoleza moto. Anali ndi chitsulo cholemera chimene anadula ku kamiyawu, lole ina yakufa, chokhala ndi kadzenje kosalala pakati. Ankadula kachidutswa ka mtovu wozizira kuchokera ku paipi yakale imene ankasunga, n'kukaika m'kadzenjemo, n'kusanjikapo chitsulo china chonga chala, kenako nyundo. Go! Go! Go! Kutembenuza, kumenyanso. Mtovu ndi wofewa, umamvera nyundo. Unkadzaza kadzenje konse, wotsalawo n'kusefukira m'mbali, iwo n'kuusenga ndi mpeni. Chipolopolo chilichonse ankachiponyaponya m'dzanja, maso atatsinzina, kuti amve kulemera kwake. Chikasiyana ndi zinzake chinkabwerera ku nyundo. M'mawa wonse ankatha zisanu, tsiku labwino zisanu ndi chimodzi.

Amalume a Felisiyano, achimwene awo a amayi, anali atangobwera kumene kuchokera ku Tete, kumene anakhala zaka zitatu akuthandiza pa ofisina yokonzera magalimoto. Anabwera ndi magalasi akuda ndi mawu ambiri. Ankakhala pa mtondo n'kumaonerera agogo akugogoda pansi pa mpichesi.

"Ababa, zimenezi ndi za nthawi ya atsamunda," anatero tsiku lina. "Anthu masiku ano amasungunula. Kuthira m'chikombole, makumi atatu tiyi asanazizire."

"Makumi atatu a chiyani?" anayankha agogo osadzutsa mutu. "Nguluwe imafuna chimodzi. Chowongoka."

"Inu mudzamaliza kugogoda nguluwezo zitabereka kawiri."

"Pita ukasungunule mutu wakowo, mwina mungatuluke nzeru."

Ine ndinkaseka, koma mumtima ndinali mbali ya amalume. Ndinali mu kinta, kalasi yachisanu, ndinkakhoza bwino, ndipo chilichonse chochokera m'tauni ndinkachiona ngati m'bale wake wa sukulu. Nyundo ya agogo inkandichititsa manyazi.

Ndiyenera kunena za chiwaya. Mng'ono wanga Lusiya anali ndi chaka chimodzi ndi theka nthawi imeneyo, ndipo anali atadwala miyezi iwiri. Anawonda mpaka mkanda wa m'chiuno unkamuvuka wokha. Kuchipatala anauza amayi kuti azikazinga soya, kusinja, n'kumasakaniza m'phala lake. Amayi anali ndi chiwaya chachitsulo chokhuthala chimene anagula ku Kalomwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo anachipatula. Sichinkakazingidwanso chimanga, ngakhale mtedza. Chinkakhala pa msomali wake m'khitchini, cha soya wa Lusiya yekha, ndipo chinkatsika Loweruka lililonse lachiwiri. Mwana anali atayamba kubwerera. Masaya anali atayamba kuoneka.

Lachiwiri lina amalume anafika kuchokera ku Domwe atamanga bateriya yakufa ya galimoto kumbuyo kwa njinga. Amayi anali kudimba ndi Lusiya kumbuyo, agogo anali ku maliro mudzi wina. Ine ndinali nditangobwera kusukulu. Amalume anaiguza bateriyayo kuseri kwa nkhokwe n'kuiswa ndi nkhwangwa. Munatuluka madzi amene anayenda pa udzu akuchita thovu, ndipo fungo lake linandilowa m'mphuno ngati singano. Madontho ena anagwera pa buluku lawo, ndipo pofika madzulo panali mabowo. M'katimo munali timapepala ta mtovu tomata phala lofiirira, lonyansa ngati matope a m'khola. Anazikokolola ndi manja awo enieni n'kupukutira pa malaya.

Poyamba anayesa lata, chitini cha mafuta ophikira. Itangotentha, inatseguka pa msoko n'kutayira zonse pamoto. Anatukwana, kenako anandiyang'ana.

"Selina, tanditengera chiwaya cha amako."

"Amayi anati chisamakhudzidwe. Ndi cha Lusiya."

"Chitsulo chimadya chitsulo chinzake? Tikatha utsuka, basi." Anavula magalasi n'kutsitsa mawu. "Iwetu ndiwe wa sukulu. M'nyumba muno odziwa siyensiya ndi iwe ndi ine basi. Enawa ndi a go-go-go."

Sanandiopseze, ndipo sanandilonjeze kanthu. Ndikanakonda ndikanalemba kuti anandikalipira, popeza kwathu mawu a malume ndi olemera, koma si mmene zinakhalira. Anangondiyamikira, ine n'kuthamanga ndekha kukachotsa chiwaya pa msomali.

Zimene zinachitika m'chiwayamo sindidzaziiwala. Utsi wake unali wolemera, wosafuna kukwera, wonunkha mazira owola ndi labala wopsa. M'kamwa mwanga munayamba kutsekemera kutsekemera kwina koipa, ngati ndayamwa ndalama yachitsulo. Timapepala tija tinagwa pang'onopang'ono, ndipo pamwamba panayandama chikoko chachikasu ndi chotuwa, chonga mafinya a chilonda chakale. Amalume ankachiwawula ndi kamtengo n'kuchikutumulira pansi pomwepo, pafupi ndi nkhokwe. Pansi pa chikokocho panatuluka madzi owala ngati galasi. Anawathira m'chikombole chawo cha dongo, dongo n'kulira tsiii, ndipo atalitsegula munagubuduka zipolopolo zonyezimira kuposa za agogo. Anachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka zinadzaza chipewa.

"Waona?" anatero, akutsokomola n'kulavula. "Siyensiya."

Ndinawomba m'manja. Mutu unkandipweteka, mseru unali pakhosi, koma ndinawomba m'manja.

Chiwaya chitazizira ndinathamanga nacho kumtsinje. Ndinachikwecha ndi mchenga, kenako phulusa, kenako chitsononkho, mpaka zala zinasupuka. Chinawala kuposa tsiku limene chinagulidwa. Koma pansi pake panali timaenje ting'onoting'ono, monga zimakhalira ndi chitsulo chimene chaona moto wambiri, ndipo m'timaenjemo munatsala timadontho totuwa. Ndinayesa ndi minga, sitinachoke. Kenako ndinaona kuti kuwala komweko kundiulula. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga mwaye wa pa mafuwa ndi dontho la mafuta, n'kupaka chiwaya chonse mpaka chinaoneka ngati mmene amayi anachisiyira. Ndinachikoleka pa msomali, chogwirira chitaloza kumanzere monga mwa nthawi zonse. Ntchito imeneyi ndinaigwira mosamala kwambiri, kuposa ntchito iliyonse imene ndinali nditagwirapo.

Lachitatu udzu wa kuseri kwa nkhokwe unali utapserera. Lachinayi ndinaona thadzi lathu lamawangamawanga, limene linkakonda kupalasa pamenepo, litaima mapiko ali lende. Linkayenda chobwerera m'mbuyo, khosi litapindika, likutulutsa zitosi zobiriwira zamadzimadzi. Lachisanu m'mawa linali litauma pafupi ndi chikoko chachikasu chija, anapiye ake akulizungulira.

"Chitopa chayamba," anatero amayi. "Katayeni kutali."

Amalume sanalitaye. Analisosola, analiwotcha, n'kudya ndi anzawo pa kachasu, mafuta akuyenda m'zigongono. Ine ndinapita kuseri kwa bafa n'kusanza. Ndinkadziwa kuti sichinali chitopa. Nkhuku zina zonse zinali bwinobwino. Ndinali ndisanaphunzire kuti mtovu ndi poizoni, koma ndinali nditaona chimene thadzi linajompha, ndipo ndinkadziwa kuti abale ake a chinthu chimenecho ali m'timaenje ta chiwaya, pansi pa mwaye umene ndinapaka ndekha. Mawa lake linali Loweruka la soya.

Madzulo amenewo ndinayesa kulankhula kawiri. Koyamba amayi ankasambitsa Lusiya, akumuimbira, ndipo ine ndinangobwerera. Kachiwiri ndinafika ponena kuti, "Amayi," iwo n'kuti, "Nchiyani?" ine n'kuti, "Palibe." Ndinkadziuza kuti ndinatsuka bwino. Ndinkadziuza kuti chitsulo sichidya chitsulo chinzake, monga ananenera amalume.

Loweruka m'mawa agogo anakhala pansi pa mpichesi ndi zitsulo zawo. Amalume anabwera ndi chipewa cha zipolopolo n'kuchikhuthula pamphasa patsogolo pawo.

"Werengani, ababa. Ngati masamu akuvutani, tiitane Selina."

Agogo anatola chimodzi, anachiponyaponya m'dzanja, anatolanso china. Kenako anachiika pa chitsulo chawo, anaikapo mpeni, n'kumenya kamodzi ndi nyundo. Chinagawika pakati. M'kati munali mphako, ngati kachewere wodyedwa ndi mbozi. Anadula chachiwiri, munali timiyala takuda ta chikoko chija. Chachitatu chinali chabwino.

"Chimodzi pa zitatu," anatero agogo. "Chokhala ndi mphako chimalemera mbali imodzi. Chikatuluka mumfuti chimapita kumene chafuna chokha. Uziyamba wapempha nguluwe kuti iime kumene chikupitako."

"Mwasankha zoipa dala!"

"Ndasankha zowala. Zonsezi n'zowala."

Nthawi yomweyo amayi anatuluka m'khitchini ndi chiwaya. Anachiika pa mafuwa panja, anathiramo soya yense amene anatsala, beseni laling'ono losadzaza, n'kundipatsa mthiko.

"Takasa, usapsereze. Ameneyu ndi womaliza mpaka tidzakolole."

Ndinagwada n'kuyamba kutakasa. Soya ankalira waaa, waaa pa chitsulo. Kwa kanthawi kunkangomveka fungo labwino la soya, ndipo ndinayamba kupuma. Kenako chiwaya chinatentha kwenikweni, mwaye wanga unayamba kuchoka ndi mthiko, ndipo pansi panaoneka timadontho totuwa tija, soya akugubuduka pamwamba pake. Sindidziwa ngati fungo lija linabweradi kapena linali m'mutu mwanga, koma kutsekemera koipa kunadzaza m'kamwa. Lusiya anabwera chotsetsereka ndi matako, monga ankayendera masiku amenewo, n'kugwira chitenje changa. Anatambasula kadzanja.

"Mpa," anatero. "Mpa."

Ndinakulunga chitenje pa chogwirira, ndinanyamula chiwaya, n'kukhuthulira soya yense m'phulusa ndi m'dothi.

Khofi la amayi linafika ndisanaimirire. Khutu linalira.

"Wapenga? Selina, wapenga iwe? Mwanayu adya chiyani?"

"Muli mtovu," ndinatero. "Amalume anasungunuliramo bateriya Lachiwiri. Ndinawapatsa ndine. Nkhuku ija si chitopa."

Amayi anatola chiwaya, anachipendeketsa ku dzuwa, anakanda pansi ndi chikhadabo. Anayang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa amalume. Ndinali ndisanamvepo amayi akukweza mawu kwa achimwene awo, popeza kwathu iwo ndiwo eni mbumba, oyang'anira ife tonse.

"Achimwene, m'chiwaya cha mwana?"

"Aaa, mlongo, chinatsukidwa chimenecho. Ku Tete timagwira zimenezi tsiku ndi tsiku, ndafa ine?"

"Inu mufe, musafe, ndi zanu. Munadya nkhuku yakufa ndi uve wanu womwe, ndiye mukufuna mundiuze za kutsuka? Mbumba mukuyang'anira ndi imeneyi? Chotsani zonyansa zanuzo kuseri kwa nkhokwe yanga lero lomwe!"

Amalume anavala magalasi awo, anatola chipewa chopanda kanthu n'kuchoka, akung'ung'udza kuti anthu a kumudzi sayamika. Zonyansazo sanachotse. Tinakumba dzenje ine ndi amayi n'kukwirira, pamodzi ndi soya yense, kuti nkhuku zisatole.

Agogo anaitanitsa chiwaya. Anachivundikira pansi, anaikapo chitsulo chawo chonga chala, n'kumenya katatu. Pakati panabooka bowo lolowa chala chachikulu.

"Kuti wina asadzachitsukenso," anatero.

Amayi sanandimenyenso, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa khofi lija. Anakhala masiku atatu akundilankhula za ntchito zokha: tunga madzi, sesa, tenga mwana. Lusiya anadya phala loyera mwezi wonse, kupatula masiku amene amayi anapeza nsinjiro, ndipo titapita naye kukayeza kulemera anali asanakwere ngakhale pang'ono. Ine ndi amene ndinamubereka pobwerera, ndipo ndinkamva kupepuka kwake pamsana panga njira yonse.

Atatha masiku atatu aja tinali kumtsinje, tikutsuka mbale pamalo omwe aja. Amayi analankhula maso ali pa mbale.

"Ukanachitaya chiwaya chija, ndikanakukwapula, n'kuiwala. Ukanandibweretsera chili ndi uve wake, ndikanatukwana amalume ako, n'kuchitaya ndekha. Koma iwe unachitsuka. Unachipaka mwaye. Unachikoleka pa msomali kuti ine ndidyetse mwana wanga ndi dzanja langa."

Anandipatsa mbale kuti nditsukuluze.

Agogo anakhala sabata yonse akunyada. Aliyense wodutsa ankamuonetsa chipolopolo chogawika chija. Ine ankandiseka kuti, "Mkazi wanga, wabwerera kwa mwamuna wako wa go-go-go?" Lolemba m'mamawa anatsitsa gogodela kudenga, ndipo ndinawaona akutenga zipolopolo ziwiri mwa zawo zosula bwino zija n'kuziponya m'kamwa, kutsaya, ngati maswiti. Anati alenje amatero kuti asachedwe kudzaza mfuti kachiwiri. Ankalankhula nazo zili m'kamwa, malovu otuwa akuoneka m'mbali mwa milomo. Anaomba kamodzi m'munda, anaphonya, chifukwa manja awo ankanjenjemera. Nguluwe zinasiya kubwera patapita milungu iwiri, anthu a minda yoyandikana nafe atagwirizana zokumba ngalande yakuya m'mphepete mwa thengo. Palibe chipolopolo cha munthu aliyense, chosula kapena chosungunula, chimene chinakhudza nguluwe chaka chimenecho.

Tsopano ndili mu desima primeira, kalasi ya khumi ndi chimodzi, ndipo ndimayenda pa njinga kupita kusukulu kufupi ndi Fonte Boa. Mwezi wathawu aprofesora athu a kimika anatiphunzitsa za mtovu, umene m'buku amautcha chumbo. Anati ukalowa m'thupi suchoka msanga, ndipo umawononga kwambiri ana aang'ono, mutu wawo usanakhwime. Anati kwa akuluakulu umabweretsa kupotokola m'mimba ndi kufooka kwa manja. Ndinalemba zonse m'kadernu. Ndinkaganiza za Lusiya, amene lero ali mu segunda, kalasi yachiwiri, ndipo amawerenga mokweza zikwangwani zonse za pa msewu wa ku Ulongwe. Ndinkaganizanso za agogo, amene akhala akudandaula m'mimba kuyambira ndili wamng'ono, ndipo masiku ano kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri.

Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinayamba kuyamwa zipolopolo amako asanabadwe. Zanga n'zoyera, sizinaone moto."

Pa zipolopolo agogo ankanena zoona. Chosula chimakhala chodzaza ndi cholemera mofanana, chosungunula mosasamala chimabisa mphako. Koma mtovu susamala kuti wadutsa pa nyundo kapena pa moto. Amuna awiri aja anakangana mwezi wathunthu za njira yabwino yopangira chinthu chimodzi chomwecho, wina akuchipuma m'mphuno, wina akuchiyamwa m'kamwa, ndipo palibe anafunsa kumene chotsala chake chikupita. Gogodela inachita dzimbiri, sikuombanso. Kabokosi ka zipolopolo ndinakapempha kwa agogo n'kukakwirira, chifukwa ana a pakhomo anali atayamba kuseweretsa ngati mabulo. Anandipatsa monyinyirika, akuti mkazi wophunzira ndi wovuta.

Koma chimene chimandinyansa kwambiri si amalume, ngakhale agogo. Ndi kamtsikana kaja kogwada kumtsinje, kakukwecha chitsulo mpaka zala kusupuka, osati kuti mng'ono wake asadwale, koma kuti iko kasagwidwe. Kubwereketsa chiwaya kunali kupusa kwa mwana wokonda kuyamikiridwa. Kupaka mwaye kunali chinthu china, ndipo ndinachichita ndi nzeru zanga zonse, zomwe zija amalume ankazitama. Ndikufuna kudzagwira ntchito yoyeza magazi ndi madzi kuchipatala, Mulungu akalola, ndipo ndikudziwa kale kuti ntchito imeneyo idzandifunsa tsiku ndi tsiku funso la amayi: kodi chinthuchi ndi choyera, kapena changotsukidwa kuti chioneke?

Chiwaya chikadalipo. Amayi anakana kuchitaya. Anachikhomera pamwamba pa khomo la khola la nkhuku, kumene palibe mwana angafike, bowo la agogo lili pakati. Alendo amafunsa chifukwa chake chiwaya chabwino chotere chinaboolewa dala, ndipo amayi amangoti, "Funsani Selina." Kale ndinkathawira m'nyumba. Masiku ano ndimaima n'kufotokoza zonse, ndipo sindidumpha pa mwaye.